Kiyi wa Nyumba ya Amalume

Pakhomo pathu pali nyumba imodzi ya malata, ndipo simugona munthu pafupifupi chaka chonse. Ndi ya amalume, mlongo wawo wa amayi, amene amagwira ntchito pa famu ina ku Joni. Amabwera mu Disembala basi. Kiyi wake ankasunga amayi. Anali pa kachingwe kabuluu, pa msomali wa kuseri kwa kalendala ya kutchalitchi.

Amalume akatsala pang'ono kufika, mtsikana wa pakhomo amatumidwa kukatsegula nyumbayo. Amasesa ndowe za makoswe, amachotsa akangaude, amapaka polishi wofiira pansi. Eni ake akafika, mtsikana yemweyo ndi amene amawapititsira madzi osamba ndi chakudya. Kwathu umenewo ndi ulemu, makamaka kwa mwini mbumba ngati iwo, poti bambo athu anamwalira kale. Ine ndinayamba ntchitoyi ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Zimene amalume anandichita m'nyumbamo chaka chimenecho ndi chotsatira chake sindizilemba pano. Ndingonena kuti ankatseka chitseko masanasana, wailesi ataikweza, ndipo pomaliza ankati, "Ndiwe mwana womvera iwe. Amayi ako akamva izi, mtima wawo uja uima pomwepo." Amayi amadwala kuthamanga kwa magazi. Ndinakhulupirira.

Kenaka panapita zaka zitatu osabwera. Ankati mapepala awo avuta. Anthu ankawadandaula, inenso ndinkadandaula nawo kuti ndisaoneke wosiyana. Koma m'zaka zimenezo ndi mmene thupi langa linayamba kundikana. Mutu sunkapola. Mtima unkangoyamba kugunda ndili phee pamkeka, ngati ndathamangitsidwa ndi galu. Tsiku lina kusukulu anandituma ku ofesi ya ahedi, ndipo nditangomva fungo la polishi ndinasanza pakhomo pomwe. Ndinakolopa ndekha, ndikupepesa.

Ku chipatala cha ku Kasinje ndinapitako kambirimbiri. Ankandibaya chala, malungo osapezeka, n'kundipatsa panado. Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, namwino wina anatsegula buku langa la kuchipatala nayamba kuwerenga masamba.

"Iwe, bukuli ladzadza kuposa la nkhalamba. Malungo ulibe, magazi ali bwino. Cholinga chako n'kutimalizira panado?"

Anaseka, inenso ndinaseka kuti asakhumudwe. Koma iwo analeka msanga kuseka. Anandiyang'anitsitsa.

"Kapena chikupweteka si mutu? Usandiyankhe ine. Lachinayi kumabwera amayi ena, amakhala chipinda chakumapetoko. Ntchito yawo si jakisoni, ndi kumvetsera anthu amene maganizo akuwasautsa. Timawatcha alangizi. Udzabwere."

Ndinabwera chifukwa ndinauzidwa kuti ndibwere. Kunyumba ndinati ndi za mutu womwe uja. Alangiziwo anali mayi wamfupi wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Nditalowa, anagwira chitseko nandifunsa, "Nditseke, kapena ndisiye chotsegula?" Chibadwire palibe anandifunsapo za chitseko. Ndinati chimene iwo akonda. Anati ayi, chitsekocho lero ndi changa. Ndinati asiye pang'ono, ndipo anachisiya pang'ono, naikapo mwala.

"Muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu."

"Mwayenda mtunda wonsewu kudzandiuza kuti muli bwino? Chabwino. Ine ndiye ndili ndi chimfine, tiyambe ndi ine."

Ankanditchula kuti inu, ngati munthu wamkulu. Tsiku limenelo sindinanene kanthu. Anangondiphunzitsa chochita mtima ukayamba kuthamanga: kuponda pansi ndi mapazi onse awiri, kupuma pang'onopang'ono, ndi kutchula zinthu zimene ndikuziona pamalopo, kuti thupi lidziwe kuti lili pano osati kuja. Ndinachita mosamala ngati mayeso, ndipo ndinafunsa ngati ndakhoza. Anati zimenezi sachonga.

Za amalume ndinanena Lachinayi lachitatu, ndikuyang'ana mwala wa pachitseko uja. Sanadzidzimuke. Anati, "Mlandu si wanu. Munali mwana, iwo anali wamkulu." Anandiuza kuti kupolisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, kuti kulinso gulu la amayi ndi atsikana amene zinawachitikira ndipo amakumana mwezi ndi mwezi, ndi kuti kuboma kuli a dokotala a za maganizo ngati tulo titapitiriza kusowa. Kenaka anavula magalasi aja.

"Sindichita kanthu inu osadziwa. Koma ngati pali mwana wina amene munthuyu angamufikire, pamenepo sindingakhale chete. Ndikunena lero kuti musadzati ndinakupusitsani. Alipo?"

Ndinati palibe. Ndili ndi mng'ono wanga, ndipo panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Koma unali mwezi wa Seputembala, amalume anali kutali ndi mapepala awo ovuta, ndipo sindinafune kuwapatsa alangiziwo ntchito ina.

Uthenga unafika mu Novembala, mitambo itayamba kuda chakumapiri koma mvula isanagwe. Unali wa mawu, pa foni ya amayi. Tinali pakhonde tikusankha mbewu ya chimanga.

"Achemwali, mapepala atheka. Pa twente Disembala ndili konko. Nyumba ija isesedwe. Nanga kamwana kamng'ono kaja, kakula? Mundiuze saizi ya nsapato."

Mng'ono wanga analumpha, chimanga n'kumwazika. Amayi anabwereza uthengawo kawiri, akumwetulira, kenaka anayankha: "Achimwene, takondwa. Wamkuluyu ndi wodwaladwala masiku ano, ndiye chaka chino akutumikirani ndi wamng'onoyu."

Ndinaponda pansi ndi mapazi onse awiri. Ndinatchula mumtima lichero, nkhuku, mtondo. Ndiye ndinati, "Amayi, ndipita ndine. Ntchitoyo ndinaizolowera."

"Iwe wosanza ndi polishi? Ukawasanzire achimwene pabalaza? Musiye mnzako naye adyeko za ku Joni, nsanje bwanji?"

"Akufuna nsapato zanga awa," anatero mng'ono wanga, nandionetsa lilime.

Mawa lake onse atapita kumunda, ndinachotsa kiyi kuseri kwa kalendala n'kukamuponya m'chimbudzi. Sindinabepo kanthu chiyambire, ndipo ndinkaganiza kuti popanda kiyi nyumbayo sitsegulidwa. Amayi anamufuna masiku awiri. Anakalipira mng'ono wanga kuti ndiye waseweretsa, iye n'kulira, ine ndili chete. Tsiku lachitatu anaitana bambo wina wokonza njinga. Anadula loko ndi sowo, ntchito yosatha ndi mphindi khumi, naikapo loko watsopano. Loko watsopano amabwera ndi makiyi atatu. Awiri amayi anapachika pa msomali uja. Wachitatu anamumanga pa kachingwe n'kumuveka mng'ono wanga m'khosi kuti asatayenso. Madzulo ake anabwera kudzakhala pafupi nane, manja ake ali ofiira, akununkha polishi.

Lachinayi ndinafika kuchipatala alangizi asanatsegule. Ndinawauza kuti ndinawanamiza. Ndinkayembekeza kuti akwiya. Anangofunsa kuti kwatsala masiku angati, ndipo tinawerenga pa kalendala yawo.

"Amayi anu ayenera kumva. Mukufuna amve kwa ine, kapena kwa inu ine ndilipo?"

"Akamva afa. Mtima wawo uima."

"Anakuuzani ndani zimenezo? Dokotala?"

Kenaka anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene mawuwo anawamvapo kwina.

Lachinayi lotsatira ndinapempha amayi kuti andiperekeze, ndinati achipatala akufuna kholo. Anadandaula njira yonse kuti anzawo akubzala. Tisanalowe m'chipinda chija, alangizi anaitana namwino uja kuti awayeze amayi magazi ine ndikuona. Namwino anati, "Mankhwala mukumwa bwino mayi, mtima uwu ungakoke ngolo." Amayi anaseka. Ndinadziwa kuti mawuwo ankanenera ine.

Ulendo uno ndinapempha ndekha kuti chitseko chitsekedwe. Ndinanena zonse ndi mawu ochepa, ndipo ndinanenanso za kiyi. Mtima wa amayi sunaime. Anakhala chowongoka, manja ali pamaondo.

"Achimwene anga? Amene anamanga manda a bambo athu? Iwe, ukudziwa chimene ukunena?"

"Eya, amayi."

"Nanga zaka zonsezi osanena bwanji?"

Alangizi analowererapo mofatsa. "Mayi, funso limenelo lisungeni kaye. Wanena lero, wanenera mng'ono wake. Kwatsala masabata awiri."

Pobwerera amayi anayenda patsogolo, ine pambuyo. Sanatembenuke ngakhale kamodzi. Mvula inayamba kuwaza tili pa mlatho, iwo osafunda chitenje kumutu. Sindinkadziwa ngati akupita kukandithamangitsa kapena kukaimbira foni ku Joni. Titafika anaitana mng'ono wanga, namuvula kachingwe kaja m'khosi. Anatenganso awiri a pa msomali, namanga onse atatu pa nsonga ya chitenje chawo, mfundo ziwiri.

"Longedza zovala. Mawa ukupita kwa azakhali ako ku Manjawira."

"Nanga nsapato zanga?"

"Uyenda ndi mapazi omwewo."

Sabata yomweyo tinapita ku ofesi ya kupolisi ija, alangizi anatiperekeza. Amayi anasaina ndi chala. Pa twente Disembala amalume sanafike. Tinamva pambuyo pake kuti wachibale wina anawaimbira, ndipo anatsikira panjira. Mpaka lero sitidziwa kuti ali mbali iti ya malire. Achibale ena analeka kutipatsa moni kutchalitchi. Amati tinachititsa manyazi mtundu, nkhani ya m'banja siipita kupolisi.

Mng'ono wanga anabwerako sukulu zitatsegulira, ndipo anatha mwezi osandilankhula chifukwa cha nsapato. Tsopano akudziwa chifukwa chake, ndipo Lachinayi lina amandiperekeza mpaka pa mlatho. Ine ndikupitabe kwa alangizi, ndi ku gulu lija kumene nthawi zambiri ndimangomvetsera. Kupweteka kwa mutu kunachepa. Buku langa la kuchipatala ndikadali nalo lomwe lija. Koma Disembala akayandikira, galimoto iliyonse yoima pamsewu ndimaimva ndisanaione.

Amayi sananenepo ndi pakamwa kuti anandikhulupirira. Nyumba ya malata ilipobe, udzu wafika m'mawindo. Chaka chatha mkulu wina wa mumpingo anabwera kudzawapempha kuti aitsegule, isesedwe, chiswe chingathe zitseko za eni ake. Amayi anali akusenda chinangwa. Makiyi aja analira pa chitenje pamene ankasuntha.

"Chidye," anatero. "Mwana wanga salowamo."