Tsiku Limene Dzina la Tadala Linatuluka

Loweruka lapitali masana ndinakana kutuluka m'holo ya kanema ku Northbridge, kuno ku Perth, ngakhale filimu inali itatha ndipo magetsi atayaka. Tinalipo amayi asanu ndi awiri, tonse manesi ndi osamalira okalamba, maso ali pa mayina amene ankayenda pakanema.

Anatiitana ndi aNambewe, mnzanga wa ku Girrawheen. Mwana wawo wamkazi, Tadala, amene anali nafe tsikulo, amajambula zovala za anthu a m'mafilimu. Inde, mafilimu aja a ngwazi zouluka, zonyamula basi ndi dzanja limodzi.

Zaka zitatu zapitazo Tadala anagwirako ntchito pa filimu ina yotere, miyezi yambirimbiri. ANambewe anakokera theka la mpingo kukaonera. Mayina anayenda mpaka kutha, la Tadala osaoneka. Panali la abwana ake lokha. Tadala anatsala pang'ono kuisiya ntchitoyo.

Opanga mafilimu atamuitananso pa filimu yatsopanoyi, anawauza kuti sagwira pensulo pokhapokha alembe m'pangano kuti dzina lake lidzatuluka. Anadziwa kuti atha kungotenga wina. Anadikira milungu iwiri, foni ili zii. Kenako opanga filimuwo anavomera. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nkhondo yachiwiri inali ya chovala. Ngwazi ya m'filimuyi ndi mkazi, ndipo akuluakulu ankafuna avale nsapato za gogoda, mimba ili pamtunda. Tadala anawafunsa kuti: "Mayi anga amayenda tsiku lonse mu wodi kunyamula odwala. Munaonapo nesi wa gogoda? Nanga uyu akathamanga bwanji m'nyumba yoyaka moto?"

Ndiye tinamuona mkaziyo Loweruka: nsapato zafulati, chovala cha matumba akuluakulu ngati yunifolomu yathu, imvi zili mbuu m'mbali mwa mutu. Sankadikira mwamuna womupulumutsa. Mnzanga wina anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Asisi, uyutu ndi ife."

Kenako mayina aja. Mazanamazana, ang'onoang'ono ngati nyerere. Ndinkawerenga dzina lililonse ngati mwanayo ndi wanga. Nanga akamuiwalanso?

"Uyo! Uyo! Mwana wanga uyo!"

ANambewe anadzambatuka. Nthungululu zinamveka mpaka kunja. Tadala, amene Chichewa amachimva koma amayankha m'Chingerezi, tsiku limenelo anayesetsa: "Amayi, khalani pansi, chonde." Koma iyenso misozi inali mbwembwembwe, akuseka.

Wina anena kuti ndi dzina chabe, lodutsa m'kuphethira kwa diso. Ayi. Dzina limenelo ndi limene lidzamutsegulire khomo la ntchito ina. Ndipo mkazi akakhala m'chipinda momwe amaganiza za nkhani ya filimu, mkazi wa pakanema amayamba kufanana ndi anthu enieni. Ana athu aakazi akukulira kuno akuonera zimenezi. Akuphunzira kuti mkazi wamphamvu amaoneka bwanji.

Koma tisaloze chala opanga mafilimu okha. Pa maukwati athu kuno ku Perth timathokoza mlendo wolemekezeka, wapampando wa komiti, ngakhale amene anangofika mochedwa atavala suti. Telala amene anasoka madiresi onse aja, amayi amene anakonza holo, mtsikana amene anapeka nyimbo ya kwaya, timawaphatikiza m'mawu atatu: "ndi ena onse."

Inu, ukwati womaliza umene munavinako, diresi la mkwatibwi munalitamanda. Analisoka ndani?