Maluwa Achikasu Pakhoma la Bambo

Ku koleji ndinachokako ndisanamalize, pa zifukwa zimene ine ndi akuluakulu a kumeneko sitinagwirizane mpaka lero. Anzanga anabwerako ndi madigiri. Ine ndinafika kwathu ku Liwaladzi ndi sutikesi komanso njere za maluwa zimene anandipatsa mphunzitsi wina wochokera kunja. Anati kwawo kozizira maluwawo amamera m'mbali mwa makoma. Za mtundu wake sananene, inenso sindinafunse.

Ndinafesa m'beseni lobooka, mumchenga wosakaniza ndi manyowa a mbuzi, n'kuliika pansi pa mtengo wa mango, poti dzuwa la kunyanja silidziwa mlendo. Mbande zambiri zinapserera. Zotsalazo ndinaziokera m'tsinde mwa khoma loyang'ana kumsewu, ndipo ndinkathirira m'mawa ndi madzulo ngati munthu wolembedwa ntchito.

Zinachita maluwa chisankho chitayandikira. Achikasu. Onse, popanda ndi limodzi lomwe lotsutsa.

Chaka chimenecho chikasu chinali mtundu wa chipani chatsopano. Pomwe ndime ya mpunga imene inkatidyetsa, bambo anaipeza kusikimu kudzera mwa a tcheyamani a chipani chakale, amene ankagawa ndime, nthawi zina n'kulandanso. Bambo wina anali atalandidwa kale chifukwa cha mpango wachikasu wa mkazi wake.

Anyamata odutsa pa njinga anayamba kuliza belu pakhomo pathu, zala ziwiri zili m'mwamba, chizindikiro cha chipani chatsopanocho.

"Zula," anatero bambo.

"Bambo, duwa silivota."

"Nanga mpunga umavota? Atilande ndime ija, tidya digiri yako?"

Ndinapempha kuti ndizule mawa. Mawa lakelo linali Lachisanu, ndipo bambo pochokera ku mzikiti, a tcheyamani anawatsatira mpaka pakhomo. Anaima pakhomapo nthawi yaitali, manja kumbuyo. Mayi anasiya kupeta. Bambo anali atagwira kale khasu.

"Ndi za mwanayu, a tcheya. Sukulu inamusokoneza. Tizula pompano."

"Sindinkadziwa mtundu wake," ndinatero.

"Masiku ano palibe akudziwa mtundu wake," anatero a tcheyamani.

Anasuzumira kumsewu, uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Khasulo ikani pansi, akulu. Ndikukalipirani kuti anthu amve, inu mungopirira. Koma musazule, ndipo ndime yanu palibe aikhudze. Zinthu zikadzatembenuka, mwanayu adzawauze anzake achikasuwo kuti maluwawa ine ndinawaona, n'kuwasiya."

Atatero anakweza mawu, natinyoza mpaka agalu a kwa aneba anadzuka. Bambo anazyolika. Ine ndinavomera milandu yonse, ngakhale ina imene sinali yanga.

Atachoka, bambo anakhala pakhonde, khasu lili pamiyendo, thukuta likuyenderera m'khosi.

"Anzako achikasuwo ukuwadziwa?"

"Ayi, bambo."

"Uwapeze."