Anandilanda Mlandu Wanga

Ntchito yanga yoyamba ya pakompyuta ku Cape Town ndinaipeza pakampani ina yaing'ono ya pulogalamu yoodera chakudya pafoni. Munthu akadina, oda yake inkakatulukira ku lesitilanti yomwe wasankha. Anandilemba mondiyesa kwa miyezi itatu. Ndikalephera, njira ndinkaidziwa kale: kubwerera ku Camps Bay kukakolopa m'nyumba za eni limodzi ndi azakhali anga, omwe ndinkakhala nawo ku Parklands. Sukulu ya kompyutayo anandiphunzitsa ndi iwowo, ndi maondo awo.

Gulu lathu ankalitcha DevOps. Azakhali atafunsa kuti n'chiyani chimenecho, ndinawauza kuti kale m'makampani otere munkakhala magulu awiri osamwerana madzi. Olemba mapulogalamu ankamanga chinthu n'kuchiponya kuseri kwa mpanda, osamalira makina n'kuchiwakha chikuyaka. Ndiye wina anaganiza zowakhazika patebulo limodzi kuti azikanganirana pafupi. Patebulo pathu panali bambo wina wandevu wolemba mapulogalamu, mayi woyesa zinthu zisanatuluke, yemwe ntchito yake inali kupeza cholakwika ndipo ankaipitiriza ngakhale pa tiyi, abwana athu aakazi, ndi achimwene ena a ku Machinga osamalira maseva, makina omwe pulogalamu yonse imakhalamo. Ine ndinkaphunzira ntchito ya pakati, yotenga zomwe zalembedwa n'kuzitulutsa kuti zikafike m'mafoni a anthu. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Basi ungoti ndiwe kondakitala." Sindinawatsutse.

Gululi linali ndi mwambo umodzi wosalembedwa paliponse. Achimwene aja anandiuza tsiku loyamba lomwe, m'Chichewa kuti ndimvetsetse: "Achemwali, Friday sitipanga deploy. Olo abwana akulonjezeni galimoto, muziti Monday." Deploy ndiko kutulutsa zinthu kuja, ntchito yanga yomweyo. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkati awa ndi mantha a anthu akale.

Lachisanu lina, kutatsala sabata imodzi kuti miyezi yanga itatu ithe, ofesi inangotsala ndi ine. Achimwene anali atapita kumzikiti, enawo kukadya. Pakompyuta panga panali kantchito kakang'ono komwe ndinakamaliza dzulo lake, kokonza keyala yomwe inkaduka pa risiti. Ndinakayang'ana, nako kanandiyang'ana. Ndinkafuna kuti abwana pobwera apeze nditachita chinthu ndekha, popanda wondigwira dzanja. Ndinadina batani la deploy.

Chomwe ndinaiwala n'chakuti poyesa kantchitoko ndinali nditaloza maoda onse kumalo amodzi, kashopu ka nsomba ndi tchipisi ku Kommetjie komwe kanavomera kuti tiziyeserako zinthu. Mzere wa lamulo limeneli m'pulogalamumo sindinauchotse. Ndipo nthawi inali ya nkhomaliro.

Sipanapite mphindi khumi foni ya paofesi inalira. Anali mwini kashopu kaja. Anayamba m'Chingerezi, koma atafika pofunika kwenikweni anasinthira ku Chiafirikana. Zomwe ndinatolapo n'zakuti makina ake a marisiti akulavula maoda a pitsa, a nkhuku, a keke ya ukwati, pepala lafika pakhomo, ndipo iye moyo wake wonse amakazinga nsomba basi. Cape Town yense ankadikira chakudya kwa munthu mmodzi wa chiwaya chimodzi.

Njira yobwezera zinthu mwakale inalipo, koma chilolezo chake chinali ndi achimwene, ndipo foni yawo inali yozimitsa. Ndinatuluka liwiro. Mzikiti unali misewu iwiri kuchokera paofesi, ndipo nditafika ndinapeza mapemphero ali mkati. Kulowa sindikanatha, kukuwa sindikanayerekeza. Pakhomo panali nsapato mbwee. Ndinafufuza mpaka ndinapeza zawo, zofiirira za zingwe zofiira, n'kuzikumbatira pachifuwa. Ndinati munthu sangandidutse wopanda nsapato.

Anthu atayamba kutuluka, aliyense ankandiyang'ana ine, kenako n'kuyang'ana msanga ngati zake zilipo. Achimwene anatuluka cha kumapeto, ali pamasokosi.

"Achemwali, nsapato zanga zalakwa chiyani?"

"Ndapanga deploy, achimwene."

"Lero?"

"Lero."

Sanakalipe. Anakhala pasitepe, natulutsa laputopu m'chikwama, n'kugogoda pang'ono. Atatero anati, "Zabwerera. Tsopano mungandibwereke nsapato zangazo?" Madzulo abwana anatumiza uthenga kwa tonse: Lolemba teni koloko tikambirane za Lachisanu.

Kunyumba ndinawauza azakhali zonse, misozi ili chuchuchu. Iwo nkhani za mabwana amazidziwa. Anati, "Wolakwa sadikira kufunsidwa. Ukalowe, ukagwade, ukavomere asanatsegule pakamwa. Ndipo usapite chimanjamanja." Lamulungu titaweruka kutchalitchi anakagula nkhuku ziwiri kubutchala ya Asilamu, kuti achimwene aja asapeze pokanira, n'kuziwotcha okha. Ndinawamvanso pafoni akufunsa mnzawo ngati madamu a nyumba yoyandikana nawo akufunabe wantchito.

Lolemba ndinalowa mumsonkhano ndi nkhuku zija m'kontena ya azakhali. Kugwada ndinalephera chifukwa malo anachepa pakati pa mpando ndi khoma, ndiye ndinangoimirira n'kuyamba: "Ndine ndinalakwa, ndine ndinadina…"

Abwana anakweza dzanja. Anati pamsonkhano wotere satchula wolakwa. Ndi mwambo wa ntchitoyi: chinthu chikawonongeka safunsa kuti ndani, amafunsa kuti chinamulola n'chiyani. Ine ndinaona ngati ndi msampha. Kwathu wamkulu akati "lankhula momasuka," umadziwa kuti zako zada.

Ndiye zinayamba zodabwitsa. Bambo wandevu uja anati vuto ndi lake, chifukwa anamanga pulogalamu yolola kuti maoda a mzinda wonse apite khomo limodzi osafunsa n'komwe. Mayi woyesa zinthu anamudula pakamwa nati ayi, iyeyo ndiye analibe mayeso ogwira mzere woterowo, ndipo zinkaoneka kuti zamupweteka kuposa ine. Achimwene anati chilolezo chobwezera sichinayenera kukhala ndi munthu mmodzi, makamaka munthu woti Lachisanu lililonse amavula nsapato n'kuzimitsa foni. Abwana nawo anati lamulo lomwe limangokhala m'mitu ya anthu si lamulo.

Ndinapsa mtima, ndikunena zoona. Masiku awiri ndisakudya, mawu opepesa nditawaloweza m'zilankhulo ziwiri, anthu n'kumagawana mlandu wanga ine ndili pomwepo!

"Koma batanilo ndinadina ndine," ndinatero.

"Tamva," anatero abwana. "Khala pansi."

"Ndinauzidwanso kuti Friday ayi!"

Achimwene anandinong'oneza, "Achemwali, akukukhululukirani, musalimbane nawo. Nanga m'kontenamo muli chiyani?"

Nkhuku zija zinatha msonkhano usanathe. Pomaliza abwana anati pakufunika munthu womanga chipata: dongosolo loti chilichonse chisanatuluke chizidutsa m'mayeso, wina achione, ndipo Lachisanu chizikanidwa chokha. Anati palibe amene akudziwa kufunika kwake kuposa ine. Ndinafunsa ngati ntchitoyo ndi ya sabata imodzi yomwe yanditsalira. Anaseka nati ndi ya chaka chonse, ndipo kalata yanga ndikaitenge mawa. Mpaka lero udindo wanga ndi womwewo, woyang'anira zotuluka, ndipo munthu woyamba kukanidwa ndi chipata changa anali abwana omwewo.

Madzulo ndinapeza azakhali atakhala pampando, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda.

"Akuchotsa?"

"Ayi, andilemba."

"Nkhuku?"

"Adya."

"Ndinakuuza ine."

Ndinayesa kuwafotokozera kuti si nkhuku, kuti kumeneko safunsa wolakwa, amafunsa chomwe chinamulola kulakwa. Ndinkadikira kuti aseka. Sanaseke. Anayang'ana m'beseni muja, kenako anandiuza nkhani yomwe sindinkaidziwa. Panyumba yoyamba yomwe anagwirapo ntchito ku Camps Bay, mphepo inagwetsa mtsuko wa maluwa womwe madamu anauika okha pawindo lotsegula. Azakhali anagwada, anapepesa, ndipo anawachotsa tsiku lomwelo.

"Zaka zonsezi m'nyumba za eni," anatero, "palibe anandifunsapo kuti chinakulola n'chiyani."

Ndinagwada pomwepo, pakuti malo analipo, n'kuwapukuta mapazi ndi thaulo. Anandisiya mpaka ndinamaliza phazi lachiwiri, kenako anandigwira pamutu.

"Usadzachokeko kumeneko, wamva? Koma kontena yanga ibwere."