M'bawa Wopindika

Ntchito yothirira mitengo sindinaifune ine, anandikokeramo ndi amuna anga. Atapuma ntchito ya m'boma ku City Centre, anamva kuti anthu ongodzipereka abzala mitengo yachilengedwe pamalo ena opanda nyumba ku Area 47, pafupi ndi mtsinje wa Lingadzi, ndipo akusowa oithirira m'chilimwe. Anavomera okha, n'kundivomereranso ine osandifunsa.

"Inu bambo," ndinkatero, "maluwa a pakhomo akukukanikani, ndiye mukalimbane ndi tchire la eni?"

Ankangoseka, n'kumakweza zigubu m'galimoto.

Ife anatipatsa mzere wa mibawa, timitengo tolekeza m'mawondo. Loweruka lililonse tinkatunga madzi kumtsinje, ine ndikudandaula msana njira yonse. Iwo ankathira phulusa patsinde kuopa chiswe, n'kuphimbira udzu kuti dothi lisaume msanga. Panali kamodzi kopindika, kamene mbuzi zinakadya nsonga. Ndinati tingokazula. Anakana, n'kumakathira madzi kawiri anzake akumwa kamodzi. Ndinkawanena kuti kamtengo akukasamala kuposa mkazi wawo.

Atamwalira, abale awo anakawaika kwawo kumpoto. Sindinatsutse, ndi mwambo wawo. Koma manda ali kutali, ndipo miyendo yangayi siilolanso ulendo wa basi wa tsiku lonse. Komwe ndikanatha kufika kunali ku Area 47. Galimoto sindiyendetsa, ndiye ndinkakwera minibasi kuchokera ku Area 4 ndi chigubu chimodzi, n'kukathirira wopindika uja yekha. Anali atandipitirira kale msinkhu. Ndinkamuuza za ana, za denga lodontha, za mmene ndawasowera amuna anga. Anzanga a m'gulumo akandipeza ndikulankhula ndekha, ankayang'ana kumbali mwaulemu.

Kenako ndinadwala, ndinakhala miyezi osapitako. Tsiku lomwe ndinabwerera, ndinapeza mpanda wa njerwa wautali ndi geti lachitsulo. Pageti panali bambo wina akulambula, khasu lili m'manja.

"Mukufuna ndani, mayi?"

"Ndabwera kudzathirira mitengo."

"Iii, pepani mayi. Malo anagulidwa awa. Tchire lonse tinachotsa, abwana akufuna kapinga ndi maluwa."

Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire ndani? Munthuyo anali waganyu chabe. Ndinangofunsa ngati anaonapo m'bawa wina wopindika, chakumtsinje.

Nkhope yake inawala. "Wopindika uja? Si uwu!" Anakweza khasu lake. "Inayo inapita ku nkhuni, koma uwu unapindika bwino, ndinati ukhale mpini."

Mtima wanga unasweka kachiwiri. Ndinaika chigubu pansi, n'kumupempha kuti ndiugwireko. Anadabwa, komabe anandipatsa ndi manja awiri. Unali utasalala kale ndi thukuta lake. Ndinaukumbatira pachifuwa, n'kulira mokweza pamsewu, pamaso pa munthu wosamudziwa, iye akungoti pepani, pepani, osadziwa chomwe akupepesera.

Kenako ndinam'bwezera, poti anali ndi ntchito yoti amalize.