Mbiri ya malemu imene sindinaimalize

Pepala lija anandipatsa akulu a mpingo Loweruka m'mawa, nditangotsika sitima ku Kraaifontein. Ndinali mlembi wa mpingo wathu wa Amalawi ku Wallacedene, ndiye maliro akagwa, mbiri ya malemu ndinkawerenga ndine mtembo usananyamuke kupita kumudzi. Tsiku limenelo malemu anali katswiri wa nkhonya, uja anatenga lamba wa ziphona, ankhonya olemera thupi kwambiri aja, m'chigawo chino. Ndipo ndi yemweyo amene anandiwonongera amuna anga.

Ndisaname, nkhonya ankazidziwa. Thupi ngati chitseko cha tchalitchi, koma mapazi opepuka. Sankapupuluma. Ankamusiya mnzake aponye zibakera mpaka atope, iye akungozinda, kenako dzanja lamanzere kamodzi kokha, basi nkhani yatha. Atatenga lamba, Amalawi a m'mafakitale ndi omanga nyumba anayenda chifuwa chili patsogolo sabata yonse. Ife alendo, amene eni dziko amatinyoza kuti makwerekwere m'sitima, tinali ndi wathu wotiopsera anthu. Nanenso ndinalulutira mpaka mawu kusasa.

Amuna anga ankamuthandiza kukonzekera. Akaweruka kuntchito yomanga ankapita kuholo, kuvala magolovesi n'kumachita naye zoyeserera. Pamasewera amenewa pali lamulo limene ngakhale mwana amalidziwa: belu likalira, manja pansi. Tsiku lina amuna anga anamupeza bwino pachibwano, anthu oonerera n'kuseka. Belu linalira. Iwo anatsitsa manja, n'kutembenuka kuti akamwe madzi, chiphona chija n'kuwalondola, n'kuwamenya kuseri kwa khutu. Mlandu wake unali woti anthu amuseka, basi.

Khutu lakumanja linatsekeratu, lakumanzere limamva mukachita kukuwa. Akakwera makwerero amachita chizungulire, ndiye ntchito yomanga inathera pomwepo. Ine ndi amene ndinayamba kukolopa m'nyumba za eni dziko ku Noordhoek, kugona komweko, ana anga kuwaona kumapeto kwa sabata kokha. Katswiri uja sanabwere kudzazonda ngakhale tsiku limodzi. Tikakumana kutchalitchi ankangoti, "Muli bwanji, mayi?" maso ali gwa, manyazi alibe. Zaka zonsezo ndinkameza mate, chifukwa ukadandaula ankati ukufuna kugwetsa Mmalawi mnzako pamaso pa eni dziko.

Ndiye ndinaima kuseri kwa tenti ya maliro n'kuliona pepala lija. Chakumapeto analemba kuti: malemu anali munthu wofatsa, wolemekeza malamulo a masewera, ndipo sanalakwirepo munthu aliyense. Mtima unandiwira. Ndinapita kwa akulu a mpingo aja.

"Abambo, mzere uwu ine sindiwerenga."

"Mayi, womwalira sadzudzulidwa. Mwambo mukuudziwa. Kawerengeni monga talembera."

"Nanga wamoyo wakhala pabenchi yachiwiriyo, mwambo ukuti chiyani za iye?"

Akuluwo anasuzumira pabenchipo, pamene panakhala amuna anga, n'kuyang'ana kumbali. "Mukapanda kuwerenga, ulembi mutule pansi lero lomwe."

Ulembi umenewo ndinkaukonda, musaone chonchi. Sabata yonse ndinali wantchito wongotumidwa, koma Lamulungu anthu ankandipatsa mpando n'kumandimvetsera. Kunja kuno ulemu wanga unali womwewo.

Bokosi linali kutsogolo, lamba uja ataikidwa pamwamba pake. Ndinayamba kuwerenga. Za kumene anabadwira ndinawerenga. Za luso lake ndinawerenga ndi mtima wonse, ndinawonjezera ndi zanga zimene sanalembe, za mapazi aja ndi kudekha kuja, chifukwa zinali zoona. Anthu ankavomera, ena akupukuta misozi. Nditafika pamzere uja ndinaima. Ndinapinda pepala n'kunena kuti, "Mbiri yathera pamenepa."

Amene analemba nawo anadziwa chimene ndadumpha, ndipo manong'onong'o anayenda tenti yonse. Mayi wina kumbuyo anati, "Nkhanza zake, mpaka pamaliro." Nkhanza ine? Munthu amenya mnzake atatembenuka, amusiya wogontha, inu muti ndi wofatsa; ine kungotseka pakamwa, wankhanza ndakhala ine. Buku la mpingo anandilanda masana omwewo, mtembo usanakwezedwe n'komwe pagalimoto. Amayi ena mpaka lero sandipatsa moni, ndipo ndilibe nazo ntchito. Ukatswiri wake sindinaukane, koma munthu amene samva belu kwa ine si ngwazi, ngakhale mumuveke malamba khumi.

Tinabwerera kunyumba wapansi, kudutsa m'tinjira ta mchenga pakati pa nyumba za malata, mphepo ikutiwaza fumbi m'maso. Amuna anga ankayenda pang'onopang'ono atandigwira phewa. Muphokoso la tenti lija sanamve kanthu kalikonse, anangoona pakamwa panga pakuyenda. Titayandikira pakhomo anaima n'kundifunsa mokweza, monga amalankhulira anthu osamva.

"Mayi a ana, mwamuyamikira bwino? Mwawerenga zonse? Munthu uja anatichotsatu manyazi ife Amalawi."

Ndinawayang'ana, nkhope yawo ili ndi chimwemwe chenicheni. Ndinafuna kukuwa, kuwagwedeza, kuwakumbutsa amene anawakhazika pakhomo. Koma ndinazungulira mbali ya khutu lakumanzere, ndinayandikira, ndipo bodza limene ndinakana kunena pamaso pa mpingo wonse ndinawauza iwo.

"Eya, bambo. Ndawerenga zonse."