A Lameck anamwalira akudikira chikalata cha apilo

Lachiwiri foni inalira ndili m'basi yobwerera ku Clondalkin, kumene timakhala kuno kunja. Anali sekilitale wa loya wathu. Akuti a Lameck abwere mawa 10 koloko adzasaine. A Lameck ndi amuna anga. Anamwalira mu Okutobala.

Nditamuuza, akuti sizinalembedwe mu fayilo. Sizinalembedwe? Ndinakuimbirani ndekha ndili pakhonde la chipatala ku Blanchardstown. Amene anati pepani tsiku lija anali ndani?

Ndiyambe poyambira, chifukwa ena mumangomva zakumva kutchalitchi. Nyumba imene tinkachita lendi inali ndi masitepe ovunda. Tikauza landilodi ankati ngati sitikufuna tituluke, ofuna nyumba ali pamzere. Sankanama. M'mawa wina a Lameck akutsika kupita kuntchito, thabwa linaphwasuka. Chiuno chinathyoka, ntchito inathera pomwepo. Tinasuma, tinawina. A inshuwalansi a landilodi anachita apilo, malipiro anaimitsidwa. Posakhalitsa tinauzidwa kuti nyumba ikugulitsidwa, ife ndi ana awiri tinakapezeka m'chipinda chimodzi cha hotela.

Tikudikira apiloyo, madokotala anawapeza a Lameck ndi khansa ya m'chiwindi. Anangopempha chinthu chimodzi, kukaona amayi awo ku Dedza akadali kuyenda okha. Anauza loya kuti, "Chimene apereke landirani. Ine nthawi ndilibe." Mu Meyi tinagwirizana kunja kwa khoti, tinasiya pafupifupi theka la zimene tinawina. Loya anatigwira chanza, akuti 4 weeks zonse zatheka.

Chimene sanatiuze nachi. Mukagwirizana, apilo siifa yokha. Maloya amayenera kukaima pamaso pa jaji, kunena kuti nkhani yatha, ndi kutchula amene alipire ndalama za maloya, zimene iwo amati ma costs. Ndiye khoti limatulutsa chikalata chotseka mlandu. A inshuwalansi anati salipira asanachione. Pepala limene tinasaina silinatchule za ma costs a apilo. Loya wathu anaiwala. Jaji atafunsa, mbali ziwiri zinangoyang'anana, iye n'kuwabweza kuti akamvane kaye. Anawapatsa tsiku lina kumapeto kwa Julayi. Tsikulo kuofesi kwa loya wathu sikunachoke munthu. Ogasiti ndi Seputembala makhoti ali pa holide.

Nthawi yonseyo ndikaimba, yankho linali limodzi: khoti ndi limene likuchedwa, mayi, tidekhe. Ndinadekha. Nditatopa ndinapempha tsiku kuntchito n'kupita ndekha kuofesi ya khotilo. Mayi amene ndinamupeza pawindo anayang'ana pakompyuta n'kundiuza mwaulemu kuti iwo sangatulutse chikalata cha zinthu zimene maloya sanamalize. Ndinatuluka n'kubwerera kuhotela.

Kuhotela sutikesi ya a Lameck inali yolongedza kale kuyambira mu Juni. Munali juzi ndi nsapato zimene anagulira amayi awo. M'mawa uliwonse ankafunsa kuti, "Mayi a Tadala, aimba?" Ndinkati ayi. Kenako anasiya kufunsa. Abale a kutchalitchi atamva anayamba kusonkha ya tikiti, koma apo n'kuti dokotala atanena kale kuti ndege sangakwerenso. Anatsanzikana ndi amayi awo pafoni, netiweki ikudukaduka. Ndalama za tikiti zija ndi zimene zinathandiza kutumiza thupi lawo.

Lachitatu ndinapita kuofesi kuja, pa nthawi imene anaitanira malemu. Anandikhazika pampando mpaka masana. Loya atatuluka anati wamva chisoni kwambiri. Kenako akuti popeza mwini mlandu kulibe, mlanduwo uyenera kusinthidwa ukhale m'dzina langa, ndipo zisanatero ndipeze kaye chilolezo choyendetsa chuma cha masiye. Ndinafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Akuti miyezi. Ndinafunsa kuti maulendo owonjezera a kukhotiwa alipira ndani. Akuti zimenezo tidzakambirana.

Tidzakambirana? Woiwala ndinu, wojomba kukhoti ndinu, olipira akhale ana amasiye ogona pabedi limodzi?

Dzina la ofesiyi sinditchula pano, dandaulo ndakapereka koyenera. Koma inu amene muli ndi mlandu kuno, musamasaine chifukwa choti loya akumwetulira. Mufunseni kuti ma costs onse, a kukhoti loyamba ndi a apilo, alembedwa pamzere uti, ndipo akulozereni ndi chala. Tsiku la kukhoti pitani nokha mukaone ngati wabwera.

Kwa inu a kuofesiyo, pepani wanu ndamva. Apongozi anga ku Dedza amandifunsabe kuti mwana wawo anawina mlandu, nanga chinamuletsa kubwera n'chiyani. Ine ndalephera kuwayankha. Mmodzi wa inu awaimbire, awafotokozere yekha. Womasulira ndikhala ine.