Moto wa M'nkhalango ya Masuku

Dzulo tikubzala mitengo ndi anzanga a komiti yosamalira nkhalango kuno ku Molumbo, mphepo inabweretsa fungo la tchire lopsa. Khasu linandipulumuka m'manja.

Ndili mwana, nthawi ya nkhondo, nkhalango yathu ya masuku inayaka dzuwa likuswa mtengo. Kwathu tchire likamapsa ndiye kuti anthu akusaka mbewa, choncho ndinanyamula kakhasu kanga mokondwa.

"Amayi, ndikakumbe mbewa, lero tidye ndiwo."

Amayi anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. "Khala pansi, usayang'anenso uko."

Agwape anatuluka akuthawa, ubweya ukufuka utsi. Amalume, amene ankabisala m'menemo kuthawa asilikali, sanatuluke.

Asilikali amene anayatsa motowo sankasaka mbewa. Anzanga amabzala mitengo kuti mvula ibwerere. Ine ndimabzala pomwe panali nkhalangoyo chifukwa amalume alibe manda ena.